Harmonika ya malume Velibor si chitseko

Malume anga a Velibor akhala akukonza maakodiyoni kuno ku Niš kuyambira ndisanabadwe. Ndi munthu waliuma, wa khutu lakuthwa. Akodiyoni ikalira mokhota paukwati, amasiya nyama m'mbale n'kukamulanda woimbayo.

Chaka chatha anandiuza kuti akutseka shopu, akakhale kwa mwana wawo Biserka ku Vienna. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti munthu ameneyu akasiya ntchito yake sachedwa kufota.

"Oimba anatha, Slavka," anatero akundithirira khofi. "Tsamba lija anandipangira mkamwini pa intaneti, foni ikulira ndithu, koma aliyense akuti ndikamukonzere chitseko cha kubafa. Ine ndasanduka kalipentala?"

Ntchito yanga ndi yomweyo, yolemba mitu ya masamba kuti anthu akamafufuza pa Google aziwapeza. Ndinatsegula tsambalo. Mutu wake, kamzere kaja kamaonekera munthu akafufuza, unali wakuti "Timakonza harmonika". Ndinaseka mpaka khofi kunditsamwa. Kwathu kuno harmonika ndi akodiyoni, komanso ndi dzina la zitseko zopindika zija zadzaza m'mafulati, ndipo zitsekozo zimathyoka tsiku ndi tsiku.

"Malume, woimba akalowa muno amati chiyani?"

"Amati ichunidwe. Kapena amati mvukuto ukutaya mpweya."

"Ndiye pa foni amalembanso zomwezo. Mawu amenewo mu mutu wanu mulibe."

"Chabwino, lemba. Koma mutuwo uyambe ndi dzina langa, kenako la malemu amene anandiphunzitsa."

"Mutu ukatalika amaudula mchira. Komanso dzina lanu amalifufuza ndani, kupatula a msonkho?"

"Mwana wopanda mwambo iwe! Watengera mayi ako."

Tinakangana mpaka khofi kuzizira, koma ndinalemba "Kuchuna harmonika, kumata mvukuto, Niš", dzina lawo n'kuliika kumapeto.

Masabata anapita kuli zii. Ndinkawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pamene ineyo ndinali ndi nkhawa. Iwo anayamba kulongedza zida m'makatoni.

Tsiku lina Loweruka ndinawapititsira buledi kushopu, ndipo pakhomo ndinachita kudzipanikiza. Pansi panali mabokosi akuda a maakodiyoni, pabenchi mayi wa ku Leskovac atafungata yake ngati khanda, pambali pake bambo wina wa ku Pirot akudikira. Malume anali atatsamiritsa khutu pa mvukuto, maso ali tsinzinu.

Foni inalira. Anali Biserka, akufunsa za tsiku loti malume akwere basi ya ku Vienna.

"Chipinda chija munandikonzera muikemo njinga za ana," anatero malume. "Ine kuno ndili ndi ntchito mpaka Pasaka. Dula, ukundisokoneza khutu."

Ndinasiya buledi patebulo n'kutuluka panja, kuopa kuti angaone misozi yanga n'kuyamba kundinena.