Mbuzi Yadothi M'khola la Nkhunda

Mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zinayi akudziwa mawu awiri okha, "amayi" ndi "ayi". Zina zonse ankalankhula ndi chala. Akafuna madzi ankaloza ndowa, akafuna mbatata ankaloza mphika, ndipo pakhomo pathu aliyense ankathamanga kukamupatsa. Kumva ankamva bwino lomwe: ungonong'ona za mandasi kuseri kwa nyumba, umuona wafika kale. Kuchipatala anamuyang'ana m'kamwa n'kunena kuti lilime lilibe vuto. Ine ndinakhulupirira, koma achimwene anga ayi.

Kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, ndipo achimwenewo udindo umenewu amaukonda kuposa ntchito yawo yaulonda kuesiteti ya tiyi. Anagamula kuti mwanayo apite kwa bambo wina wa ku Milonde amene amadula kamtsempha ka pansi pa lilime ndi lezala. Amuna anga, poti ndi akamwini, anangoyang'ana pansi. Ine ndinakana kwamtuwagalu, ndinakalipa mpaka anansi anatuluka m'nyumba zawo.

"Chabwino mlongo, tidikire nandolo aume," anatero achimwene. "Akapanda kulankhula, ndidzamutenga."

Aphunzitsi a sukulu yamkaka ya kutchalitchi kwathu anandibwereka buku la zithunzi, lothothoka chikuto, la ziweto ndi mogona mwake. Mawu ake anali a Chingerezi, ndinangowasiya n'kumatsata zithunzi. Ndikaweruka kothyola tiyi tinkakhala pakhonde, ndipo tsamba lililonse ndinalisandutsa ntchito. Tikaona nkhuku, tinkanyamuka kukafuna yeniyeni kuseri kwa bafa. Tinakatapa dothi kudambo n'kuumba mbuzi, nkhumba, nkhunda ndi abakha amene ankaoneka ngati mbatata zamilomo. Makola tinamanga ndi mapesi: la mbuzi lokwezeka pang'ono ngati lathu, la nkhumba pansi, la nkhunda pamwamba pa kamtengo katali. Dzuwa likapendeka iye ankalowetsa ziweto zake, chilichonse kwake.

Ine ndinkalakwitsa dala. Ndinkaika bakha kwa nkhumba n'kumayang'ana kumbali ngati sindikudziwa. Iye ankandiyang'ana ndi diso loipa, lofanana ndi la amalume ake, n'kukonza yekha mwakachetechete. Apo ndinadziwa kuti mutu wake uli bwinobwino, mwina kuposa wa ena a ife. Koma pakamwa panali potseka, ndipo nandolo anauma.

Achimwene anafika Loweruka m'mawa ndi njinga, atavala thalauzi lawo lakutchalitchi. Ananyamula mwana n'kumukhazika pakaliyala.

"Ugwire chishalo ndi manja onse awiri. Ukataya ugwa."

Ine ndinakaima pakanjira kotulukira, chitenje nditamanga zolimba. Mantha ndinali nawo, sindikana, koma ndinali nditatsimikiza kuti njinga imeneyo idutsa pa ine kaye. Achimwene atayamba kukankha anaona mbuzi yadothi ili kutsogolo kwa tayala. Si munthu woipa iwo. Anawerama, anaitola kuti asaiponde, n'kuitsamiritsa pamene dzanja lawo linafika, pakhola la nkhunda pamwamba paja.

Mwana anaona. Anataya dzanja limodzi kuti aloze, njinga inagwedezeka, anagwiranso msanga. Anayang'ana ine, koma ndinali patali. Anayang'ana mbuzi yake ili lendelende m'mphepete mwa khola. Kamlomo kanayamba kunjenjemera.

"Ayi, amalume! Mbuzi igwa!"

Mawuwo anatuluka okhuthala, osalongosoka bwino, koma aliyense pabwalopo anawamva. Ine ndinangokhala pansi pomwepo.

"Wati chiyani?" anafunsa achimwene. Mwana anangoyang'anabe mbuzi yake.  Kenaka iwo anawerama pang'onopang'ono, anatola nkhumba, n'kuikweza pomwe panali mbuzi paja.

"Nkhumba ayinso! Pansi!"

Achimwene anamutsitsa panjingapo, njinga anaitsamiritsa kumtengo wa mapeyala. Anakhala pafumbi ndi thalauzi lakutchalitchi lija, n'kuyamba kusokoneza makola onse, bakha kwa mbuzi, nkhunda kwa nkhumba, mwana wangayo akuwakalipira ngati kamwana. Ndinaona akupukuta m'maso ndi kolala, koma sindinawaseke, ngakhale mpata unalipo.

"Mlongo," anatero osandiyang'ana, "tsamba lotsatiralo pali nyama yanji? Dothi ndikatapa ndine."