Funso la Nambala 7

Seti yanga ya masamu inali kabokosi kachitsulo kophwanyika pakona, komwe amalume anasiya atalekeza sukulu. Kampasi yake inali yokhwepa, moti ndinkaimanga ndi ulusi wa amayi kuti isamayasame pojambula. Chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, kabokosiko kankalira m'thumba mwanga m'mawa uliwonse, kuchokera kwathu mpaka kusukulu ya ku Nsaru kumene tinkalembera.

Inali nyengo yachisanu. Anthu anali atakumba mtedza, ndipo m'minda monse munali milu yoyanika. Amayi ankadzuka kukali mame n'kundikazingira mtedza, ndipo ndinkaufumbata m'manja kuti zala zisaume ndisanagwire cholembera. Amalume anali pa ntchito yosankha fodya. Ndikamadutsa ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Zikakanika usadandaule, mphwanga, malo m'chigafa muno alipo." Sankandiopseza. Ankanena mwachikondi, ndipo n'chimene chinkandiopsa kwambiri.

Pasukulu yathu, olemba masamu apamwamba, amene tinkangowatcha Adi, tinalipo asanu: anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi wa ku Kabudula, amene ankakhala kwa azakhali ake pafupi ndi msika. Iyeyo ndiye anali wakuthwa kuposa tonse. Tikatsutsana, tinkapita kwa iye, ndipo chimene wanena chinkakhala chomwecho.

Ine ndinali ndi vuto lomwe aliyense ankalidziwa. Pa mayeso oyeserera ndinazindikira titatuluka kuti ndaphonya funso limodzi. Sindinadye, ndipo tsiku lotsatira ndinangokhala n'kumayang'ana pepala mpaka nthawi inatha. Chifukwa cha ine, aphunzitsi ankabwereza mawu amodzimodzi: "Mukatuluka, pepalalo lafa. Osalifukula." Tinkavomera tonse, koma palibe ankamvera.

Pepala la Adi linali lowawa. Ndimakumbukira fungo la choko ndi fumbi, nsapato za oyang'anira mayeso zikugunda simenti, ndi mnzanga wina kumbuyo kwanga akupuma ngati wanyamula thumba la chimanga. Titangotuluka tinathamangira kuseri kwa tchalitchi, pabwalo la mchenga pomwe atsikana ankasewerera mpira wamanja. Mapepala sankalola kutuluka nawo, choncho aliyense anathyola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi zomwe ankakumbukira.

Mafunso oyamba tinagwirizana. Pa nambala 7, funso la malikisi ambiri, tinagawikana. Ine ndi mnzanga wina, mwana wa abusa, tinapeza 36. Anyamata ena awiri aja anapeza 18.

"Iwe, 36 waitenga kuti? Wawerengera ndi mbuzi za kwanu zomwe eti?" anandifunsa mmodzi wa awiriwo.

"Khala chete, iwe amene umawerenga ndi zala zakumiyendo!"

Ndinagwada n'kulemba njira yanga yonse pamchenga, mzere ndi mzere. Mawa lake kunali Fizikisi, pepala lomaliza, ndipo popanda ilo za koleji panalibe. Kenako tonse tinatembenukira kwa mtsikana uja. Anali ataima kumbuyo kwanga, juzi yake yobiriwira ataikokera mpaka kuzala. Anayang'ana zomwe ndinalembazo nthawi yaitali ndithu.

"Nanga iwe wapeza zingati?" anafunsa mwana wa abusa.

"Ndaiwala."

"Iweyo kuiwala? Kodi wadwala?"

"Ndati ndaiwala. Nthawi inandithera, ndinangolembapo zilizonse. Tiyeni tizipita, mawa kuli Fizikisi."

Anadutsa pakati pathu, nsapato zake zikufufuta manambala athu onse.

Ndiyenera kunena zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi: ndinasangalala. Ndinaganiza kuti kamodzi kokha ndamuposa. Ndinamuthamangira pamsewu, ndinatulutsa mtedza womwe unatsala m'thumba n'kumuthirira m'manja. "Usadandaule," ndinamuuza, "funso limodzi silingakugwetse." Anayang'ana mtedzawo, anandiyang'ana ine, n'kuluma mlomo wake wam'munsi. Ndinaganiza kuti akufuna kulira.

Tsiku limenelo ndinadya bwino, ndinawerenga, ndipo Fizikisi ndinailemba mutu uli m'malo. Zotsatira zitatuluka, tonse awiri tinapita ku koleji.

Yankho lake ndinalimva patapita zaka zisanu ndi zitatu, ine ndi iye titakwatirana, tikukhala ku Namitete komwe ankaphunzitsa masamu. Loweruka lina masana ankachonga mapepala a ana pakhonde, ine ndikusenda chinangwa. Anaseka yekha.

"Mwana uyu walakwitsa ngati inu," anatero. "Waiwala kugawa pawiri."

"Ngati ine liti?"

"Nambala 7, bambo. Inali 18. Ndinaona pamzere wachitatu pomwe."

Ndinakhala ndi mpeni m'manja. Iye anapitiriza kuchonga. "Mtedza uja unali wokoma koma," anawonjezera osadzutsa mutu.

Chaka chino ndi chachiwiri chimwalirireni mkazi wangayo. Anthu akandifunsa za iye ndimayankha mwachidule, ndipo amandisiya. Koma nyengo yachisanu ikafika, ndikaona ana a sukulu ataunjikana m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji akulozerana manambala m'manja, ndimachepetsa liwiro la njinga. Sindimva chisoni kwenikweni. Ndimangofuna kuona ngati pali mmodzi amene waima kumbuyo osayankhula.

Madzulo a tsiku la Adi lija ndinabwerera kwathu ndikuimba mluzu. Amayi anali pabwalo akuthothola mtedza, ndipo anandifunsa mmene zayendera.

"Bwino kwambiri, amayi. Ngakhale mtsikana uja funso lina lamukanika."

"Uja wa nzeru uja?"

"Yemweyo. Ndachita kumutonthoza."

Amayi anasiya kuthothola, anandiyang'ana pang'ono, n'kungoti, "Chabwino." Ine ndinalowa m'nyumba kukatenga buku la Fizikisi, ndikumumvera chisoni mnzangayo, ndili wotsimikiza kuti munthu wodziwa yankho sangalephere kulinena.