Mbande Yosowa Pobzala

Fungo la masamba a bulugamu pamsika wa Chitakale lero landikumbutsa mbande zimene anatigawira kusukulu.

Mnzanga woyandikana naye nyumba, wobadwa yekha, anabzala yake tsiku lomwelo. Kwathu ana tinalipo asanu ndi atatu, kamunda kathu kopanikizika pakati pa manda ndi minda ya tiyi.

"Ababa, ndibzale pati?"

"Pamutu pangapa," anayankha osasiya kupalira. "Mudzadya bulugamu?"

Yanga inafotera m'chitini. Ya mnzangayo inkaphuka timasamba tofiirira, iye n'kumandiitana kuti ndikaone. Mtima unkandiwawa.

Tsiku lina atapita kukatunga madzi othirira, ndinaika chidendene pakamtengoko. Ndinamumva akubwerera, akuimba. Ndinaponda, ndipo fungo lija linandilowa m'mphuno.