Nsapato za apongozi anga

Ku Imizamo Yethu, kumene tinkakhala kudziko la eni, ine ndiye ndinali mlangizi wa mabanja. Mayi mnzanga akabwera akulira kuti amuna ake atenga mkazi wachiwiri kumudzi, ndinkamuuza manja ali m'chiuno kuti, "Inuyo mumagona. Mwamuna amafuna diso." Pakamwa panga ine!

Amuna anga ankagwira ntchito ya m'magadeni ku Noordhoek, ine ndinkachapa ndi kukolopa kwa azungu ku Hout Bay. Cholinga chathu chinali chimodzi: kufolera malata nyumba yathu ku Machinga, kuti ana awiri amene tinawasiya ndi mng'ono wanga asiye kunyowa. Chaka chilichonse bamboyo ankapita kukaona ntchitoyo.

Atabwerako ulendo wina, anayamba khalidwe latsopano. Tikapita kukagula zinthu ku Wynberg, chilichonse ankagula ziwiriziwiri. Mpango wanga, wina pambali. Bulangete langa, lina pambali.

"Zinazi n'za ndani, bambo?"

"Za amayi."

Ee, ndinanyadira. Ndinalalikira ponseponse kuti ine ndinakwatiwa ndi munthu wodziwa kusamala make. Ndinayamba kusankha ndekha, zotchipa ndikukana. Kulongedza ndine, kumata tepi ndine, kukapereka kwa transipota wopita nazo kumudzi ndine ndemwe. Tsiku lina tinagula nsapato za gogoda. Apongozi angawo amayenda ndi ndodo, koma ndinangoti aliyense amakalamba mwa njira yake.

Tsiku la Idi mng'ono wanga anandiimbira pa vidiyo. Ataona diresi langa lobiriwira anati, "Achemwali, diresi limenelo lilinso kuno. Ndaliona kumapemphero. Wovalayo ndi woyembekezera."

Nditawafunsa ngati anatenga mkazi wachiwiri, amuna anga sanakane. Anati, "Chipembedzo chimati chimene wachitira mmodzi uchitirenso mnzake. Ine sindinakondere."

Ndinalira, ndinatukwana, ndinaswa kapu yanga yomwe. Manyazi ndiwo anandipha: zaka ziwiri zonsezo mkazi mnzangayo ndinkamuveka ndine, ndipo ndinkamusankhira bwino.

Mawu oti sanakonderewo anakana kuchoka m'mutu. Ndinakumbukira malata: kodi nawonso anawagawa pawiri? Ndinaimbiranso mng'ono wanga kuti atuluke panja, atembenuze foni, andionetse nyumba.

"Achemwali, dikirani kaye..."

"Iwe, tembenuza!"

Anatembenuza. Theka la denga linali kung'anima malata atsopano. Theka linalo, mbali imene kumagona ana anga, kunali pepala la pulasitiki lakuda lopsinjidwa ndi njerwa.