Kagalimoto ka Verna

A Duane Haugen ankanunkhiza oyilo. Musaseke, ndi zoona. M'mawa uliwonse pa ulendo, injini ikatentha, ankasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, kupukuta ndi kansalu koyera, kubwezera, kusololanso, kenako n'kukafikitsa pamphuno atatsinzina, ngati munthu wolawa ndiwo za alendo. Akatero ankaitana mkazi wawo.

"Mayi, tabwerani mudzaone. Kufiira kwake! Psuu! Alipo wina ku Dakota konse amene oyilo wake amaoneka chonchi?"

Verna ankabwera, n'kuyang'ana, n'kuvomera kuti ndi wofiiradi. Akanatani? Ukwati wautali unamuphunzitsa kuti kuvomera kumafupikitsa nkhani.

Galimoto yonunkhizidwayo inali chinyumba choyenda, chachitali ngati basi, chokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati mwake. A Duane anaitcha Mfumukazi. Anaigula chaka chimene anagulitsa munda wawo wa tirigu, mawondo atakana ntchito, ndipo kuyambira pamenepo chisanu chikangoyamba kuluma ku North Dakota ankatsika ndi okalamba anzawo kupita kuchipululu cha Arizona kukaothera dzuwa mpaka Epulo. Pambuyo pa Mfumukazi, komangidwa ndi chitsulo chokokera, matayala onse ali pansi, kankatsatira kagalimoto kobiriwira, kakale, kosuluka padenga. Kameneko kanali ka Verna.

Verna anakwatiwa ali mtsikana, kuchoka m'nyumba ya bambo ake n'kukalowa m'nyumba ya apongozi. Kumunda kuja chilichonse chokhala ndi injini chinali cha a Duane: thirakitala, lole ya tirigu, pikiapu. Iye akafuna kupita kutauni ankachita kupempha, ndipo pempho linkabwera ndi mafunso ake. Kukatani? Mubwerako nthawi yanji? Sizingadikire Loweruka? Ana atakula n'kubalalika, anakalowa ntchito kukhitchini ya nyumba yosungirako okalamba, kusenda mbatata ndi kukwecha mapoto mpaka zala zinapindika, ndipo ndi thukuta limenelo anagula kagalimotoko kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Tsiku lofika nako, a Duane anakazungulira, n'kumenya tayala ndi nsapato, amvekere, "Kachitini ka nsomba." Verna anali atabisa makiyi m'thumba la epuloni, ndipo mtima unkamugunda ngati waba.

Pogulitsa munda anasiya dimba lake, piyano ya malemu mayi ake, ndi mtengo wa maapozi umene anabzala atabadwa mwana woyamba. Analira, koma anasiya. Pa kagalimoto pokha anakana kwamtuwagalu. "Kakapanda kupita, inenso sindipita." A Duane anang'ung'udza kuti kazidyetsa Mfumukazi mafuta ambiri pazitunda, koma anagula chitsulo chokokera.

Ndipo mayiyo ankadziwa chimene akukanira. Mfumukazi ikafika kuchipululu, a Duane ankaiimika pa majeke, kutambasula chinsalu cha mthunzi, kuyala kapeti panja, ndiye basi, sisunthanso mpaka Epulo ngakhale kutagwa chotani. Tauni ili kutali. Popanda kagalimoto, Verna akanakhala miyezi yonseyo m'chibokosi chimodzi ndi mwamuna amene nkhani zake ndi mapampu ndi mafiluta. Ndi kagalimotoko ankapita kochapira zovala, ankapita kutchalitchi kumene amayi amasoka mabulangete a zigamba, ndipo masiku ena sankapita kulikonse kodziwika. Ankangokaima m'mbali mwa ngalande ya m'minda ya letesi, kutsitsa galasi, n'kudya ayisikirimu yekha popanda womufunsa nthawi.

Kagalimotoko kanali ka otomatiki, ndipo galimoto yotere ili ndi mwambo wake pokokedwa. Matayala akamagudubuzika zitsulo za m'giyabokosi zimazungulira, koma pampu yoyendetsa oyilo imagwira ntchito pokhapokha injini ikulira. Ndiye m'mawa musananyamuke umaliza injini, kupititsa ndodo m'magiya onse limodzilimodzi, kusiya pa nyutulo kanthawi kuti oyilo afike paliponse, n'kuzimitsa. Ulendo ukatalika mumaimanso masana, n'kubwereza. Aliyense wokoka galimoto amazidziwa. A Duane ankazidziwa kuposa onse, poti ndiwo ankaphunzitsa anthu m'makampu osawapempha n'komwe. Verna ankachita yekha mwambowu, osalumpha, kapu ya khofi ili m'dzanja lina.

Chaka chimene ndikunenachi kunali nkhani ya mtengo. Kumene ankaima kuchipululuko malo ndi a boma, wofika msanga ndiye mwini. Panali mtengo umodzi wokha wa mthunzi weniweni, ndipo chaka chapitacho a Lyle Brandvold, mnansi wawo wakale wa kumunda, anawaphangira n'kuimika kalavani yawo pansi pake. A Duane anadwala nazo chaka chathunthu. Atamva kuti a Lyle anyamuka tsiku lomwelo, ulendo unasanduka mpikisano.

Anagona pamalo opumira madalaivala ku Idaho, kagalimoto kali chimangire. Verna anadzidzimuka bedi likugwedera, makapu akulira m'kabati, kunja kukungoyera kumene. Anayenda chogwira makoma mpaka kutsogolo, tsitsi lili nyankhalala.

"Bambo, mwanyamuka ine ndili m'tulo? Kagalimoto kanga mwakaliza?"

"Khalani pansi, Mayi, mugwa."

"Ndafunsa ngati mwakaliza."

"Munakaliza dzulo."

"Dzulo m'mawa! Takoka tsiku lonse dzulo!"

"Aa, sikangafe ndi tsiku limodzi. Kachitini kameneko n'kouma mutu ngati mwini wake. Tiima kutsogoloku."

Kutsogoloku kunangokhala kutsogolo. Dzuwa linakwera, analowa m'Utah, mizinda ikubwera n'kutsalira, ndipo phazi la a Duane linali gwa pansi, liwiro loti iwo omwe akanamunyoza nalo munthu wina wokoka galimoto. Verna anakumbutsa mwaulemu. Anakumbutsanso mopanda ulemu. A Duane anakweza wailesi.

Anaima pokhapokha Mfumukazi itamva ludzu. Pomwetsa mafuta saloleza kuliza injini, ndiye a Duane anamutuma mkazi wawo kuti podikira akagule masangweji, a nyama ya nkhumba, asaike anyezi. Potuluka m'sitolo Verna anawapeza atasunthira pambali, injini ikulira, kachitsulo kali pamphuno, atatsinzina. Nthawi ya zimenezo inalipo! Iye anaika masangweji pa sitepe, n'kuyenda mtunda wonse wa chinyumbacho ndi mawondo ake ouma, n'kutsegula chitseko cha kagalimoto. Dzanja litangofika pa kiyi, hutala inalira.

"Mayi! A Lyle awo akudutsa! Kwerani!"

"Dikirani pang'ono chabe, ndilize!"

"Tikaliza tikawapitirira! Kwerani, ndikusiyani pano!"

Ndipo Mfumukazi inayambadi kusuntha, kagalimoto n'kugwedezeka, mwendo umodzi wa Verna uli m'kati. Anausolola, n'kumenyetsa chitseko, n'kuthamanga. Abale inu, munthu wamkulu, wa imvi mbuu, mkulu wa mpingo kwawo, kuthamangitsa mayi wa zidzukulu pakonkire anthu akuona, chifukwa cha mtengo! Mtengo wakenso wa minga. Verna anakwera ali wefuwefu, n'kukhala pampando wake. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti anathamangadi.

Mfumukazi inawapitirira a Lyle pachitunda china chachitali. A Duane analiza hutala, kutsitsa galasi, kubayibitsa ndi chipewa, kuseka mpaka kutsokomola. "Mwawaona nkhope, Mayi? Mwawaona? Akagone padzuwa chaka chino!" Verna maso ake anali pa kagalasi ka kamera yoonetsa zakumbuyo. Kagalimoto kankatsatira mofatsa monga mwa masiku onse, ndipo iye anayamba kudzinyenga kuti mwina kapirira.

Dzuwa litapendeka, ali m'chipululu cha Nevada, thiraki ina inafika pambali pawo n'kumayenda nawo limodzi. Dalaivala wake ankaloza kumbuyo, akukuwa zosamveka. A Duane anayesa kuti munthuyo akuyamikira Mfumukazi, n'kumukwezera chala chachikulu. Verna ndiye anaona utsi pa kagalasi kaja.

"Imani! Duane, imani!"

Paja amati kuthamanga sikufika. Atatsika anapeza utsi uli tolotolo pansi pa kagalimoto, oyilo akudontha pamsewu, fungo lake loti wina sangaime pafupi. Ali chiimire pamenepo kalavani ya a Lyle inadutsa pang'onopang'ono, akazi awo akusuzumira pawindo, n'kukaima chapatsogolo. A Lyle anabwera wapansi kudzafunsa ngati angathandize. A Duane anati palibe vuto, n'zazing'ono, pitirirani. Anasankha kudikira galimoto yonyamula zowonongeka padzuwa kusiyana n'kuthandizidwa ndi a Lyle.

Kagalimoto kanakatsitsidwa pagalaja ya m'katauni kena ka msewu umodzi, kokhala ndi motelo, tchalitchi ndi sitolo. Makaniko wake, a Ruben Salcido, bambo wonenepa wolankhula motsitsa, anasolola kachitsulo n'kupukutira pa pepala loyera. Oyilo anali bii, muli tizitsulo tonyezimira, akununkha ngati poto wopserera.

"Pepani, amayi," anatero a Ruben. "Giyabokosi yapsa. Yayenda youma mtunda wautali."

A Duane nkhope inasintha. Anatembenuka n'kuyenda mofulumira kulowera kumene anaimika Mfumukazi. Verna anawayang'ana kumsana, ndipo kamtima kake kopusa kanawamvera chisoni. Anaganiza kuti manyazi awagwira, akukabisa nkhope, mwina akukamutengera madzi akumwa. Kenako anamva injini ikulira. Patapita kanthawi bambowo anabwerera akupukuta manja ndi kansalu kawo koyera, akumwetulira.

"Mayi, mtima pansi. Oyilo wathu ali bwinobwino. Psuu!"

Wathu! Pamaso pa mlendo, pambali pa kagalimoto kadakali kotentha. A Ruben anayang'ana nsapato zawo. Verna anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu, mkwiyo umene sanaumvepo ngakhale tsiku lija piyano inkakwezedwa pa lole ya anthu ena.

"Kangakonzeke?" anafunsa, osayang'ana mwamuna wake.

A Ruben anakanda m'mutu. Anati yatsopano ya mtundu umenewo sipezekanso, koma angathe kuimbira anzawo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, mwina ina ipezeka. Zitenga masabata, ndipo sizotchipa. Ambiri akakhala pa ulendo amangosiya.

"Mwamva?" anatero a Duane. "Ambiri amangosiya. Achimwene, katengeni, muzichotsako zitsulo. Mayi, tiyeni, tikayendetsa bwino tikhoza kuwapezabe a Lyle. Kuchipululu mukufuna kupita kuti kwenikweni? Zovala muzikachapa ndi akazi a Lyle. Zosokasokazo mungasokere pakhomo, mthunzi ukhalapo."

Verna analowa m'Mfumukazi. A Duane anawatsinzinira diso a Ruben, ngati akuti mwaona, umu ndi mmene timawalankhulira. Koma mayiyo anatuluka atanyamula makina ake osokera. Anawaika pansi, n'kubwereranso. Anatuluka ndi chikwama cha zovala, pilo, mankhwala ake a magazi ndi kapu yake ya khofi.

"Ndiye chiyani chimenechi?"

"Ndidikira galimoto yanga."

"Pano? M'tchire muno? Mwamva kuti masabata!"

"Ndamva. Makutu anga ali bwino. Anu ndi amene akhala otseka kuyambira m'mawa."

"Mayi, musandichititse manyazi pa anthu."

"Manyazi? Mwandithamangitsa pakonkire ngati galu wotsalira, lero lomwe lino. Ndinasiya munda, ndinasiya zonse, ndinapempha chinthu chimodzi. Chimodzi, Duane! Mumanunkhiza oyilo wa chinyumba chanucho ngati duwa, koma wanga munalephera kumupatsa nthawi yomwera khofi."

"Ndiye ndizidya chiyani kumeneko?"

"Masangweji anu ali pa sitepe, ngati sanagwe."

A Duane anayang'ana mkazi wawo, n'kuyang'ana msewu wolowera kummwera, n'kuyang'ana dzuwa. Ndipo munthuyo, ndithu, anasankha. "Muimba foni kusanade," anatero, n'kukweza mathalauza, n'kupinda chitsulo chokokera, n'kukwera. Mfumukazi inatuluka pagalaja mwaulemu wake wonse, n'kukhotera kumsewu waukulu. Verna anali asanaionepo ikuchoka iye ali pansi. Anaiyang'ana mpaka inachepa, ndipo mantha anamugwira, poti chikwatiwire anali asanagonepo yekha m'tauni yachilendo. Anakhala pa chikwama chake, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

A Ruben anadikira mwaulemu, kenako anatsokomola pang'ono.

"Amayi, ndiye tidikire abambo abwerenso kuti tigwirizane, kapena ndiwaimbire?"

Verna anadzuka, n'kunyamula pilo wake kukhwapa.

"Mwini galimoto ndi amene mukumuonayu. Yambani kuimbira anzanuwo."