Juzi Imene Ndinalukira Festus

Anzanga, mwandifunsa kokwanira kuti Festus anapita kuti. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ndinakumana naye Lachiwiri lina pamsika wa ku Dzaleka. Ine ndimapitako kukasankha majuzi akale pa kaunjika, ndikafika kunyumba ndimawamasula nkupezapo ulusi wolukira. Iye ndi wa kabaza wa njinga yamoto.

"Asisi, majuzi onsewa muli ndi ana angati?"

"Ndilibe. Ndimaluka."

"Ndiye mulukireko ine. Mphepo ya ku Dowa kuno indipha ndisanakwatire."

Amayankhula mphuno ili chuchuchu. Ndinaseka, ndinakwera. Pofika kwathu anali atatenga number yanga, ndipo Lachiwiri lotsatira "asisi" anali atasanduka "iwe Alinafe".

Ndisaname, ndinamukonda mnyamata uja.

Nthawi imeneyo mayi wina wa ku Burundi anali atangondiphunzitsa kuluka mozungulira. Suluka kutsogolo padera, kumbuyo padera nkudzasoka ayi. Umangozungulira kuchokera mchiuno mpaka kukhosi, juzi nkutuluka yopanda msoko. Vuto, singano zake ndinalibe. Nditamuuza Festus, mawa lake anabwera ndi masipoko asanu a njinga, atawanola yekha pamwala.

Ndinati basi, mwamuna ndi ameneyu. Ndimulukira juzi ya khosi lalitali, lopinda, aivale June akafika.

Ndimafuna ikhale surprise, ndiye tepi sindinagwiritse ntchito. Ndinkamuyeza ndi manja ndikamukumbatira panjinga. Iye ankaganiza kuti ndi chikondi chokha... pamene ine ndikuwerenga chifuwa.

Miyezi iwiri, anzanga. Masipoko ndi opyapyala, ntchito yake siyenda. Chala changa chinachita chithuza, chinaphulika, chinachitanso china. Amayi ankangoti, "Mtedza ukudikira kumunda, iwe uli kalikiliki ndi mwamuna woti kwawo sitikudziwako."

Tsiku lomupatsa linafika. Manja analowa bwinobwino. Mutu unakana.

Munthu ndinamuzolowera ali mu helemeti, sindinadziwe kuti mutu wake ndi waukulu chonchija. Komanso potseka khosi ndinali nditathinitsa kwambiri. Anavutika, makutu kupindika, ine misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Bweretsa ndimasule khosi lokhali, mawa udzaivala."

"Ayi, ndiitenga. Itambasuka yokha."

Sabata inatha. "Festus, juzi ija?" "Ndaiwala babe." Sabata ina. "Ili kochapa." June anafika, iye akuyendabe ndi jekete yake yong'ambika. Mtima unayamba kundiuza zinthu, koma ndinkaukaniza.

Lamlungu lina kunali Misa yaikulu ku parishi, midzi yonse inasonkhana. Titatuluka ndinaona azimayi ataunjikana pabwalo, akugwiragwira chovala cha mtsikana wina wochepa thupi, manja a chovalacho atawapinda kawiri.

Juzi yanga.

"Koma ilibe msoko paliponse," mayi wina amatero. "Faines, waipeza kuti?"

"Chibwenzi changa chandigulira ku Lilongwe, mu shop. Akuti ndi ya kunja."

Kuti Festus waipereka kwa mkazi wina zinandipweteka, inde. Koma zoti ya mu shop? Zala zanga izi? Apo ndiye ndinapsa mtima.

Ndinayandikira.

"Achemwali, pepani. Chibwenzi chanucho ndi a Festus a kabaza?"

"Eya. Bwanji?"

"Juziyi ndinaluka ndine. Tembenuzani kukhwapa lakumanzere, mupeza ulusi wofiira pang'ono. Wotuwa unandithera pamenepo."

Anatembenuza. Ulusi wofiira uja unali pomwepo.

Ndinkayembekeza kuti andilalatira. Koma mtsikana uja anangondiyang'ana zala, kenako nkuivula pomwepo, kutsala ndi bulauzi pamphepo ija.

"Tengani. Sindimadziwa, Mulungu akundiona."

Ndinaigwira, ikadali yofunda. Ndinaluma mfundo ya pakhosi ndi mano nkukoka. Ulusi unayamba kubwera wokha, mzere ndi mzere, kuzungulira monga momwe ndinaulukira.

"Ndigwirireniko," ndinamuuza Faines.

Anagwira. Iye wagwira juzi, ine ndikukulunga ulusi. Khosi linatha, tinafika mmapewa.

Ndi pomwe Festus anatulukira panjinga, kudzatenga Faines. Atationa awirife anazimitsa injini, pakamwa pali yasa.

"Alinafe... ukutani?"

"Ndikukonza khosi."

Azimayi anaphulika kuseka, wina mpaka anakhala pansi. Festus anayamba zoti ndimvetsereni kaye, nkhani yake ndi yaitali. Faines sanamuyang'ane nkomwe.

"Pitani, tili busy," anatero.

Anayesa kuliza njinga, inakana katatu. Anachoka akuikankha, anthu akumulozerana mpaka kumsewu.

Ndisanachoke pamenepo, amayi apampando a bungwe la azimayi anandigwira dzanja. "Mwanawe, iwe ndi wa kwa ndani? Loweruka ubwere, utiphunzitse kaluso kameneka."

Loweruka ndinapeza azimayi khumi ndi anayi, aliyense ndi masipoko ake. Faines anakhala kutsogolo. Pano sukulu ya mkaka ya kwathu ana ake avala zisoti zathu, ndipo ma order a majuzi akuchokera mpaka ku Kasakula.

Kulira ndinalira, ndisakubisireni. Ndinalira masiku atatu ndikukumba mtedza, amayi akunamizira kuti sakuona. Koma ulusi uja ndinaunyika mmadzi kuti uwongoke, ndinalukira juzi yanga. Ndavala imeneyo pano ndikulemba.

Festus anatumiza message dzulo kuti wandisowa, akuti kukuzizira. Ndinamuyankha kuti kaunjika amatsegula Lachiwiri.

Anzanga, mukauza munthu kuti bweretsa tikonze, iye nkumangozemba, musadikire June ngati ine. Ameneyo wapeza kale wina woti chimukwane.