Bokosi Limene Sitinatsegule ku Kabwata

Masiku amenewo ku Kabwata ukaona mzere unkayamba waima kaye, za chimene akugulitsa nkufunsa pambuyo. Mwina shuga, mwina sopo. Ine ndinkataipa makalata mu ofesi ina ku Cairo Road, ndipo nsapato zanga zinathera pa mizere imeneyo. Komabe masikuwo ndimawasowa, sindinama. Tinkakhala atatu m'kanyumba ka zipinda ziwiri: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono, msilikali wokonza ndege za helikoputa.

Mnyamata ameneyo anali ndi matama. Akabwera Loweruka atavala yunifolomu, ankayenda pang'onopang'ono dala kuti atsikana a pampopi amuone bwino. Ine ndinkamuseka kuti, “Iwe, ndege umangokonza, suyendetsa.” Iye nkuyankha kuti, “Ba sisi, ine nikakana siuluka.” Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kwa iwo mwanayo sankalakwa. Wailesi yathu anaimasula kuti aikonze, osalankhulanso mpaka lero, koma amayi ankati inali itakalamba kale.

Chaka china anamutumiza ndi anzake kudziko lakutali kumene kunali nkhondo ya eni ake. Dzina la dzikolo linkawavuta amayi, ankangoti “kuja”. Makalata ake ankabwera odzaza madandaulo a chakudya, ndipo kalata iliyonse ndinkawawerengera mpaka kuiloweza.

Tsiku lina masana anandiimbira ku ofesi kuti ndipite kunyumba msanga. Ndinapeza galimoto ya asilikali pakhomo, azimayi a kutchalitchi atayamba kale kutulutsa mipando panja. Helikoputa imene mlongo wanga anakwera inagwa paphiri nkuyaka moto. Palibe anapulumuka.

Bokosi linafika patapita masabata awiri, lomata ponseponse, mbendera ili pamwamba. Mkulu wa asilikali anatiuza mwaulemu kuti silitsegulidwa. Apa ndiye panavuta, chifukwa kwathu kum'mawa munthu saikidwa abale asanaone nkhope. Amayi anakhala pansi, dzanja lili pabokosi, nati, “Ine ndinabala munthu, osati bokosi. Ndisanaone nkhope, muno simutuluka kanthu.”

Abusa analankhula, amalume analankhula, ine ndinafika powakalipira amayi, Mulungu andikhululukire. Galimoto inkadikira panja, manda atakumba kale, dzuwa likupendeka. Mantha anga anali akuti asilikali akalinyamula mokakamiza, amayi sadzakhulupirira kuti mwana wawo anafa, adzakhalira kuyang'ana kumsewu moyo wawo wonse.

Pamenepo msilikali wina wa ku Chelstone, mnzake wa malemuyo amene anaperekeza bokosilo, anavula chipewa nagwada pamaso pa amayi. “Amai, nine n'namunyamula paphili paja,” anatero. “N'namuona na maso yanga. Nkhope yenze chabe bwino, monga agona. N'namusambika neka.”

Amayi anamugwira masaya ndi manja onse awiri namuyang'anitsitsa.

“Maso unamutseka?”

“N'namutseka, amai.”

Anamuyang'anabe kanthawi, kenako anatembenukira kwa amalume nati, “Nyamulani.” Ndi pamene analira koyamba chifikire bokosilo, ndipo tonse tinalira nawo.

Amayi anakhala ndi moyo zaka zina zambiri. Mlendo aliyense ankamuuza kuti mwana wawo anapita atasamba, nkhope ili bwinobwino. Msilikali uja ankabwera pa Khirisimasi atanyamula nkhuku, amayi nkumamupatsa chiwalo chonona ine ndikuona. Nsanje inkandigwira pang'ono, koma ndinkamukonda.

Amayi atamwalira, ndinakumana naye ku City Market. Anali atapuma usilikali, imvi zili mbuu, akugulitsa maloko ndi mahinjesi. Tinacheza za kale, tinaseka za matama a mnzakeyo, kenako ndinamuthokoza chifukwa chosamalira mtembo wa mlongo wanga. Anayang'ana pansi nayamba kusanja maloko amene anali osanja kale.

“Ba sisi, ine kuphili kuja sin'nafikeko. Bokosi n'naipeza pa eyapoti, yomata kale. N'nawamvelela chabe chifundo amai.”

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Ndinamufunsa ngati akudziwa munthu wina aliyense amene anamuona mlongo wanga. Anapukusa mutu.

Ndinatsanzika bwinobwino nkukwera minibasi ya ku Kabwata. Ndinalira njira yonse, anthu akundiyang'ana. Tsiku la maliro ndinkaganiza kuti amayi okha ndiwo ankafuna kuona nkhope. Koma zaka zonsezo, nanenso ndikakumbukira mlongo wanga ndinkamuona atagona, atasamba, maso atatseka, ndipo mtima unkakhala pansi.